MGB ya 1968 pa Dedza Boma: momwe ntchito yoidzutsa ikuyendera

Galimoto yake ndi MGB, yakale ya ku Britain, ya mipando iwiri, yotsegula pamwamba, chiwongolero kumanja, mabampa onyezimira. Yakhala zaka zoposa 20 itafunditsidwa lona kuseri kwa nyumba, matayala atamira m'dothi mpaka m'marimu. Tsopano ili mu shedi ya galaja pano pa Boma. Tizilemba ntchito ikasuntha, pamodzi ndi manambala amene tayeza, kuti wina amene ali ndi galimoto yotere asagwire ntchito mongolota.

Sabata 1, Malichi

Mwini galimoto anafika ndi funso la mtundu: ikhale yofiira ngati kale kapena yobiriwira. Yankho linali lakuti, "Bambo, za penti tidzakamba kukatentha. Lero tione kaye ngati galimotoyi ili ndi msana."

MGB ilibe chasisi choima pachokha ngati cha pikapu. Bodi ndi chasisi ndi chinthu chimodzi, ndipo popeza denga palibe, pakati ponse pamagwiridwa ndi ngalande imene mumadutsa giyabokosi ndi mabokosi awiri achitsulo oyenda pansi pa zitseko, amene amakaniko amati ma sill. Sill iliyonse ndi zitsulo zingapo zowotcherana: cha kunja chimene mumachiona, china chopyapyala choimirira m'kati, china cha pansi chotchedwa castle rail, ndi cha m'kati chogundana ndi popondapo. Zikawola, galimoto imapindika pakati.

Maginito okulunga m'kansalu sanagwire pa sill ya kumanzere kuyambira pakati mpaka kumbuyo. Pa boneti sanagwirenso, koma apo palibe vuto: boneti ya chaka chimenechi ndi ya aluminiyamu. Sikuludiraiva inaboola castle rail malo atatu popanda kukankha mwamphamvu. Galimoto ili pa matayala ake, mpata wa kumbuyo kwa chitseko cha kumanzere unali mamilimita 2 pamwamba ndi 6 pansi. Titaikweza pakati ndi jeke ndi thabwa, mpata wa pamwamba unatseguka kufika 7. Msana wathyoka. Pansi pa penti tinapeza filler yokhuthala mamilimita 8, chidutswa cha lata la nyumba chomangidwa ndi mariveti, ndi waya wa khola la nkhuku. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Injini inali itagwira. Tinachotsa mapulagi, kuthira dizilo wosakaniza ndi oyilo wa giyabokosi ya otomatiki, pafupifupi mamililita 50 m'silinda iliyonse, n'kuisiya masiku asanu. Kenako giya 4, anthu awiri akuigwedeza kutsogolo ndi kumbuyo pang'onopang'ono mpaka inatembenuka. Kuikoka ndi galimoto ina kuti imasuke mokakamiza kumathyola maring'i.

Za masipanala: mabawuti a galimotoyi ndi a mainchi. Pakufunika 7/16, 1/2 ndi 9/16. Sipanala ya 13 imalowa pa nati ya 1/2, koma imasewera, ndipo nati ya dzimbiri imathera pomwepo kukhala yobulungira.

Sabata 2

Titathira oyilo watsopano ndi kupukusa injini mapulagi atachotsedwa mpaka geji ya oyilo itakwera, tinayeza compression, mphamvu imene silinda iliyonse imapanikizira mpweya: 135, 130, 85, 132 psi. Wowerenga mabuku a ku England akaona 135 amadandaula, chifukwa injini yabwino ya mtundu uwu imapereka cha m'ma 160. Koma Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka ndi gawo limodzi mwa magawo 6 poyerekeza ndi wa kugombe la nyanja yamchere. Mukachotsa gawo limenelo pa 160 mutsala ndi 133. Masilinda atatu ali moyo. Ya nambala 3 ndiyo yodwala: titathiramo kasupuni ka oyilo inangokwera kufika 90, kusonyeza kuti mpweya ukuthawira ku valavu, osati ku maring'i.

Sabata 3 mpaka 8, Malichi ndi Epulo

Ma sill. Injini ndi giyabokosi tazisiya m'malo mwake dala, kuti bodi iwotchereredwe itasenza katundu amene idzasenze pamsewu. Zitseko nazonso zili pomwepo, mahinji atakonzedwa kaye, chifukwa chitseko ndicho muyezo. Mukachichotsa n'kuwotcherera mwa maso, chidzakana kutseka, ndipo palibe filler imene ingakonze zimenezo.

Tisanadule kanthu tinakweza pakati mpaka mpata wa chitseko unafanana, mamilimita 4 mpaka 5 kuzungulira, n'kuwotcherera paipi ya makona anayi ya mamilimita 25 kudutsa pakhomo m'kati, ina yopingasa pakati pa mbali ziwiri. Mbali imodzi pa nthawi imodzi. Mbali inayo, ngakhale ndi yodwala, ikugwirizira.

Sill ndi yaitali kuposa momwe imaonekera. Kutsogolo imalowa kuseri kwa madigadi, amene mwamwayi amamasuka ndi mabawuti. Kumbuyo imalowa kuseri kwa bodi, ndipo pamenepo pamafunika kudula chidutswa cha m'munsi chapakati pa chitseko ndi tayala. Amene anakonzapo kale sanafike m'malo awiri amenewa, anangovindikira pakati. M'mene munalumikizana sill ndi bodi munali matope ouma a katondo odzaza manja awiri, ndipo ndi amene ankasunga chinyezi dzinja lililonse.

Zitsulo za sill zinabwera zopinda kale kuchokera kunja. Ubwino wa MGB ndi womwewu: anapanga zoposa 500,000 ku Abingdon, ku England, kuyambira 1962 mpaka 1980, ndipo British Motor Heritage yakhala ikupanga bodi zatsopano ndi zikombole zakale zomwezo kuyambira 1988. Zigamba za popondapo tadula tokha pa chitsulo cha milimita imodzi, ndipo za malo osenza katundu pa cha mamilimita 1.2.

Makina owotcherera ndi ndodo, amene amagwira bwino pa mageti ndi mafelemu a mawindo, pano amangoboola. Gasi amatenthetsa malo aakulu ndipo chitsulo chimapindika ngati mbale. Tagwiritsa makina owotcherera ndi waya otchedwa MIG, waya wa mamilimita 0.6. Kumene fakitale inawotcherera madontho, taboola mabowo a mamilimita 7 motalikirana masentimita atatu pa chitsulo chapamwamba, kupana zolimba, n'kudzaza bowo lililonse kuyambira pakati. Dontho limodzi kutsogolo, lina kumbuyo, lina pakati, osati motsatana, ndipo pakatha madontho 10 chitseko chitsekedwe ndi kutsegulidwa. Pa mbali ya kumanzere tinaiwala zimenezi kwa kanthawi, mpata wa pansi n'kuchepa ndi mamilimita 2. Panafunika kuboola madontho 14 ndi kuyambiranso. Tsiku lathunthu linapita.

Magetsi akathima ntchito imaima. Jenereta yaing'ono imagwetsa mphamvu waya ukangogunda, ndipo chowotchereracho chimangokhala pamwamba ngati zitosi, osalowa m'chitsulo. Masiku otere tinkapala dzimbiri.

Mabowo otulutsa madzi pansi pa sill tawasiya otsegula. M'kati mudzapoperedwa phula loteteza dzimbiri penti ikadzatha, chifukwa phula likafika pamene penti isanagwire, pentiyo imakana.

Sabata 9 mpaka 14, Meyi ndi Juni

Injini ndi giyabokosi zatuluka pamodzi, mutu kumwamba mchira pansi. Ndi injini ya BMC ya B-series, 1798 cc, masilinda anayi, mabering'i akuluakulu asanu pa crankshaft. Za 1962 mpaka 1964 zinali ndi atatu, choncho poitanitsa masipeya muziwerenga nambala ya injini, osati chaka cholembedwa m'blue book.

Valavu ya utsi ya nambala 3 inapserera m'mbali ngati yolumidwa ndi khoswe, ndipo mavalavu onse a utsi analowa m'kati mwa hedi. Hedi ndi ya chitsulo cha cast iron, yopangidwira petulo wa mtovu, amene ankateteza pokhalira valavu. Petulo ameneyo anatha m'chigawo chino cha Africa cha m'ma 2006. Hedi yapita ku Lilongwe kuti akaikemo mipando yolimba ya mavalavu a utsi ndi kuisalaza pansi. Isanapite tinaiyesa ming'alu, chifukwa hedi zimenezi zimakonda kung'aluka pakati pa silinda 2 ndi 3, pamene mavalavu awiri a utsi amatulutsira pa dzenje limodzi ndipo pamatentha koposa. Kuyesa kwake n'kwa kale: kutsuka, kunyowetsa ndi palafini, kupukuta mpaka kuuma, kupaka choko. Pamene pali mng'alu palafini amatuluka n'kujambula mzere pa chokocho. Sipanaoneke mzere.

Silinda imene munagona madzi inali ndi zipsera za dzimbiri zogwira chikhadabo, choncho zonse zinayi zakuzidwa ndi inchi 0.020, mapisitoni atsopano. Crankshaft yasalazidwa ndi 0.010. Ring'i iliyonse taiyesa m'silinda yake isanavekedwe: mpata wa nsonga zake ukhale inchi 0.012 mpaka 0.017. Ziwiri zinali zothina, tazipala ndi fayilo. Ring'i yothina ikatentha nsonga zimagundana, imakanda silinda yatsopano sabata yomweyo.

Titachotsa ma core plug, tizivindikiro totseka njira za madzi m'injini, kumbuyo kwa silinda 4 kunali matope a dzimbiri olimba ngati chiswe chitamanga. Injini zambiri zimene zimawira ngakhale rediyeta ili yatsopano, vuto limakhala pamenepo. Waya, madzi a mphamvu, maola atatu.

Mabering'i akuluakulu tamanga pa 70 lb ft, manati a hedi pa 45 mpaka 50, kuyambira pakati kumka kunja mozungulira. Mpata wa mavalavu ndi inchi 0.015, kapena mamilimita 0.38, injini ili yozizira. Lamulo losavuta kukumbukira ndi la 9: valavu 8 ikatseguka yonse, tcherani 1, 6 ikatseguka, tcherani 3, manambala awiriwo aziphatikiza 9.

Kilatchi tasintha yonse ngakhale inali ndi moyo, chifukwa kuti muifike pa MGB injini imayenera kutuluka. Bering'i yake yokankha ndi ya kaboni, imatha ndi kukhuzika. Dalaivala wozolowera kuponda kilatchi podikira pa rodibuloko amaimaliza msanga. Giyabokosi ndi overdrive, giya yowonjezera yotsitsa liwiro la injini pa mtunda wautali, zimamwa oyilo wa injini yemweyo, 20W-50. Oyilo wa 90 ndi wa difu, osati wa giyabokosi.

Sabata 15 ndi 16, Juni

Thanki inkaoneka bwino pansi, koma pamwamba, pamene pamagona dothi pakati pa thanki ndi buti, panali timabowo ngati sefa. Yatsopano yaikidwa, ya malita 54. Kuwotcherera thanki imene munakhalapo petulo ayi, ngakhale itauma zaka 20.

Petulo wa kuno ndi wosakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Injini imayaka naye bwino, koma labala wakale amasungunuka kapena kuuma n'kung'ambika, ndipo makabureta a MGB ali pamwamba penipeni pa ekizozi. Mapaipi onse a labala tasintha ndi olembedwa SAE J30 R9. Ethanol amakokanso madzi, choncho galimoto yoyenda Lamlungu lokha isamagone miyezi ndi thanki ya theka.

Pampu ya petulo ndi ya magetsi, ya SU, kumbuyo pafupi ndi mabatire. Mukatembenuza kiyi imalira "tiki tiki tiki" mofulumira, kenako pang'onopang'ono, n'kukhala chete makabureta akadzaza. Ikapanda kukhala chete, mwina petulo watha kapena akutayika penapake. Ikapanda kulira, ma points ake, tizitsulo tolumikiza ndi kudula moto, ada. Kuigogoda ndi chigwiriro cha sikuludiraiva kumakufikitsani kunyumba, koma si kukonza.

Makabureta ndi awiri, SU HS4. Tamasula imodzi imodzi, chifukwa pisitoni ya kabureta ndi chivindikiro chake anazipanga zoyenderana ndipo sizisinthana. Kutsuka ndi petulo ndi nsalu basi, sandipepa asayandikire. Timitengo ta throttle tinkagwedera m'mabowo ake, ndipo mpweya wolowera pamenepo ndi umene umachititsa kuti injini isakhazikike ikamalira payokha. Taika ma bush atsopano.

Sabata 17 mpaka 21, Julayi

Kuzizira kwa Dedza kwatithandiza kukhala m'kati ndi mawaya. Anthu amanyoza magetsi a kampani ya Lucas, amene ali pa MGB, koma pa galimoto iyi zolakwika zonse zinali zitatu: zolumikizira zobiriwira ndi dzimbiri, ma earth omasuka, ndi manja a anthu. Mitundu ya mawaya imanena yokha ntchito yake. Wa bulauni uli ndi moto nthawi zonse ndipo sudutsa pa fyuzi. Woyera umayaka ndi kiyi, nawonso wopanda fyuzi. Wobiriwira umayaka ndi kiyi kudzera pa fyuzi, wapepo uli ndi moto nthawi zonse kudzera pa fyuzi, wakuda ndi earth. Mafyuzi ndi awiri okha. Olembedwa 35 a ku Britain amanyamula 17 mosalekeza n'kupsa pa 35. Mukaikapo fyuzi yamakono ya 35, chimene chipse ndi waya. Pamalo a fyuzi ina tinapeza msomali.

Mabatire ndi awiri a mavoti 6, olumikizana motsatana, m'mabokosi a kuseri kwa mipando. A mavoti 6 ndi osowa, choncho taika imodzi yaing'ono ya 12 m'bokosi limodzi, yomangidwa bwino. Galimoto ya 1968 ndi ya negative earth. Zakale kuposa kumapeto kwa 1967 ndi za positive earth, ndipo safunsa adadya phula: onani musanalumikize.

Geji ya kutentha si ya magetsi. Ili ndi kapaipi kopyapyala kochokera ku hedi, ndipo kakathyoka gejiyo yafa. Valavu ya heater ili pamwamba penipeni pa distributor, ikamadontha injini imadumphadumpha. Yasinthidwa.

Mabuleki a galimotoyi ali pa mzere umodzi. Paipi imodzi ikaphulika, matayala onse anayi alibe buleki, mwatsala ndi handibuleki. Pa chifukwa chimenechi palibe chakale chimene tabwezera: master cylinder, masilinda a kumbuyo, mapaipi atatu a labala, mapaipi onse achitsulo a inchi 3/16. Mapaipi a labala ankaoneka abwino kunja, koma imodzi titaidula tinapeza yatupa m'kati. Yotere imalola mafuta kupita koma osabwerera, buleki n'kumagwira yokha. Chenjezo lalikulu lili pa manati a mapaipi. A MGB ndi a 3/8 UNF. A M10 a magalimoto a ku Japan amafanana nawo m'maso ndipo amalowa mizere iwiri kapena itatu asanalimbe. Amagwira pa shedi, amadzasiya pa chitsikiro. Mafuta ndi DOT 4.

Ma kingpin, pamene matayala a kutsogolo amakhotera, anali ouma gwa, girisi atasanduka dothi. Asinthidwa, ndipo azilandira girisi pafupipafupi chifukwa cha fumbi la kuno. Mashoku a kutsogolo ndi a Armstrong a mkono, ndipo mkonowo ndi umenenso umagwira tayala pamwamba, kotero shoku yogwedera ndi tayala logwedera. Mabering'i a kutsogolo samangidwa mwa "limbitsa kenako bweza pang'ono" ngati pa magalimoto ena. Pakati pake pali kapaipi ndi tizitsulo topyapyala ta shim. Mumawonjezera kapena kuchotsa shim mpaka kusewera kukhale inchi 0.002 mpaka 0.004, nati itamangidwa zolimba.

Marimu ndi a masipoko, 60 pa rimu iliyonse. Sipoko yabwino ikagogodedwa ndi sipanala imalira "ngwee", yomasuka imati "phu". Zomasuka zinali 11, zothyoka zinayi. Ntchito yowongola tinapatsa mmisiri wokonza njinga za kabaza, amene dzanja lake pa masipoko limaposa la makaniko aliyense pano. Nati yaikulu ya pakati imamasuka mosiyana: kumanja kwa galimoto mazinga ake ndi obwerera, kumanzere ndi a masiku onse. Ma hub a mbali ziwirizi, pamene pamavekedwa marimu, asasinthanitsidwe, apo ayi tayala limadzimasula lokha poyenda. Marimu otere amafuna machubu.

Sabata 23, Ogasiti

Mpata wa points inchi 0.015, wa mapulagi 0.025, moto madigiri 10 pisitoni isanafike pamwamba, dongosolo 1-3-4-2, rotor ikuzungulira mobwerera. Tapukusa popanda mapulagi mpaka oyilo atakwera, ndiyeno kuliza. Yadzuka pa kuyesa kwachitatu. Mphindi 20 zoyamba taisunga pa 2,000 rpm kuti camshaft yatsopano ikhazikike. Oyilo 65 psi. Madzi anadontha pa kilipi imodzi, basi.

Kutchera makabureta kunatenga masana onse, ndipo ndi pamene mnyamata wophunzira ntchito anasiya foni. Poyambira, nati ya pansi pa jet imakwezedwa mpaka jet ifanane ndi mlatho wa m'kati, kenako imatsitsidwa kawiri kathunthu, ndiye kuti mbali 12 za natiyo. M'zivindikiro muthiridwe oyilo wopepuka. Mumasule cholumikiza makabureta awiriwo kuti iliyonse iziyenda payokha. Kenako kapaipi ka labala, nsonga ina kukhutu, ina pakamwa pa kabureta, pamalo ofanana mbali zonse. Ya kutsogolo inkati "sssss" mokweza, ya kumbuyo monong'ona. Kutembenuza sikuluwu pang'ono, kumvera, kutembenuza, mpaka mawu awiriwo akhale amodzi pa 800 rpm.

Pansi pa kabureta pali kapini kokwezera pisitoni. Mukaikweza pang'ono chabe, kosakwana milimita imodzi, injini imayankha. Ikakwera n'kukhala pomwepo, petulo wachuluka. Ikagwa ngati ikufuna kuzima, wachepa. Ikakwera pang'ono n'kubwerera, mwapeza. Mnyamata uja atatembenuza nati mbali imodzi yokha n'kumva injini ikusintha mawu anati, "Madala, ndiye kuti imamva?" Imamva. Chimene chimagwira anthu pa magalimoto amenewa mpaka imvi n'chimenechi. Liwiro si nkhani: mahatchi 95 pa galimoto ya pafupifupi tani imodzi, Corolla wamba wamakono amaisiya kumbuyo. Imatentha kumapazi, imadontha mvula, imasiya kadontho ka oyilo pamene yagona. Koma mulibe bokosi lotsekedwa lofuna kompyuta. Chilichonse cholakwika chili ndi chifukwa chimene mungachione, kuchigwira kapena kuchimva, ndipo chimene mwatchera m'mawa mumakachimva pa phazi madzulo. Amene waphunzira chinenero chimenechi kamodzi amafuna kumachilankhula.

Mpweya wopepuka wa kuno unafuna kuti manati akwere mbali zitatu kuchokera poyambira paja. Tabweza imodzi dala. Galimotoyi izidzatsika ku Golomoti ndi kunyanja, mamita oposa 1,000 m'munsi mwa Dedza, kumene mpweya ndi wochuluka. Yotcheredwa mothina pano, kumeneko petulo adzachepa, injini idzatentha, valavu ipsenso. Moto nawonso tausiya pa 10, ngakhale pamtunda pano ikhoza kulola kuposa apo.

Sabata 27 mpaka 30, Seputembala

Penti inadikira dala. M'Juni ndi Julayi chifunga ndi mame a m'mawa zimasiya chinyezi pa chitsulo, penti imachita mtambo, ndipo patapita miyezi imatuluka timatuza. Tsopano kwauma, mdani ndi fumbi. Pansi pa shedi tathira madzi, mbali tatchinga ndi pulasitiki, kupopera pakati pa 9 koloko ndi 11 mphepo isanadzuke. Boneti ya aluminiyamu yalandira etch primer yake, chifukwa primer wamba samata pamenepo. Filler sinapitirire mamilimita 2 paliponse. Yakhala yofiira.

Sabata 33, Okutobala

COF ndi inshuwalansi zatheka, galimoto inapita ku Lilongwe itakwera lole. Ulendo woyamba: Boma mpaka pa mphambano ya Bembeke ndi kubwerera, pa M1. Makilomita 800 oyamba injini isadutse 3,000 rpm, ndiye kuti pafupifupi 87 km pa ola m'giya 4. Geji ya liwiro ndi ya mamailosi. Tamata timizere ta tepi pa 30 ndi pa 50, pamene pali pafupifupi 50 ndi 80 km pa ola.

Pansi pa galimoto ndi msewu pali masentimita 13 okha, ndipo chotsika kwambiri ndi ekizozi. Mahampu a m'matauni awolokedwe chopingasa, pa liwiro la munthu woyenda pansi. Matayala ake ndi 165/80 R14. A 175/70 R14, amene amapezeka paliponse, amaitsitsa ndi sentimita ina, ndipo sentimita imeneyo palibe yoti n'kutaya.

Chiwongolero n'cholemera poima, koma galimoto ikangosuntha chimapepuka, ndipo mwala uliwonse wa m'mphepete mwa tala umafika m'manja. Munthu amakhala pansi kwambiri moti 80 imamveka ngati 120. Pa minibasi imene inatidutsa, anthu onse a mbali ya kumanzere anatembenuza makosi.

Overdrive inakana kulowa. Imagwira m'giya 3 ndi 4 mokha, ndipo chimene chimailola ndi kaswitchi ka pamwamba pa giyabokosi. Waya wake unali utavuka. Wina ananena zongolumikiza mawaya awiriwo kuti kaswitchi kasamavutitse. Zimenezo ayi: kaswitchiko ndi kamene kamaletsa overdrive kugwira m'rivesi, ndipo kubwerera m'mbuyo ili yogwira kumaswa za m'kati mwake. Titabwezera waya, pa 80 km pa ola injini inatsika kuchoka cha m'ma 2,800 kufika 2,300.

Sabata 35

Makilomita 410. Tatsika Khwekhwelere kuchokera pa Masasa mpaka Golomoti m'giya 3, m'makona othina giya 2, phazi likungogusa buleki. Pansi ma disc anali otentha koma pedulo sinafewe. Pokwera geji ya kutentha inadutsa pakati ndi pang'ono, n'kubwerera titafika pamwamba. Mapulagi titawamasula ku Golomoti anali a mtundu wa khofi wa mkaka, onse anayi. Mbali imodzi ya nati imene tinabweza ija yagwira ntchito yake.

Zatuluka ziwiri. Kumbuyo kumanja kukumveka "gu" mukachotsa phazi pa moto ndi kupondanso. Mano a hub ndi a rimu aphwa nsonga, ndipo girisi sangabise zimenezo. Hub ndi rimu ziyenera kusinthidwa pamodzi, chifukwa rimu yakutha imadya hub yatsopano. Taitanitsa. Chachiwiri, kadontho ka oyilo pa chivindikiro cha m'mbali mwa injini, kuseri kwa ekizozi. Gasiketi yake ifikika makabureta akachoka, choncho idikira tsiku lomanganso hedi pa makilomita 800, pamene tidzasinthe oyilo ndi fyuluta ndi kuyezanso mavalavu.

Denga la nsalu silinafike. Likafika lidzavekedwa masana dzuwa lili pamutu, nsalu itafewa, chifukwa lovekedwa kozizira limachita makwinya kukatentha. Phula la m'ma sill tipopera Loweruka lino. Mitambo yayamba kale kusonkhana pa phiri la Dedza madzulo, ndipo galimoto isatuluke m'mvula ma sill ali ouma m'kati.